Tiyamike Wakhala pa Chitini

Tiyamike ankafuna chinthu chimodzi chokha. Sankafuna nsapato. Sankafuna diresi. Ankafuna chitini cha amayi ake.

Tiyamike anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala kwa Zulu, ku Mchinji.

Chitinicho chinali chakale. Poyamba munali mabisiketi. Tsopano munali mikanda. Munali timabotolo tisanu. Botolo lililonse linali ndi mtundu wake. Yofiira payokha. Yoyera payokha. Yachikasu payokha. Yobiriwira payokha. Yakuda payokha.

Amayi ake a Tiyamike anali a Esnart. A Esnart ankatunga mikanda. Ankapanga mikanda ya m'khosi. Ankapanga zibangili. Ankapanganso ndolo. Tsiku la msika ankapita kwa Kamwendo. Ankayala chitenje pansi. Anthu ankaima. Ngakhale ochokera ku Zambia ankaima.

Tiyamike ankakhala pambali pawo. Ankayang'ana manja awo. Kamkanda kakagwa, iye ankatola.

Kenako amayi anadwala. Mvula inali pakati. Anapita kuchipatala. Anamwalira konko.

Anthu anabwera ambiri. Anaimba. Analira. Aliyense ankati, "Pepa, mwana." Pepa anachuluka pakhomo. Koma pepa sabweza munthu. Anthu anabwerera kwawo. Tiyamike anatsala ndi bambo ake, a Greyson.

Mwezi unatha. Lolemba kunabwera a Rozi. A Rozi anali akulu awo a amayi. Tiyamike ankawatcha amayi aakulu. Mawu awo anali aakulu ngati iwo omwe.

"Odi pano!"

"Fikani, alamu," anatero a Greyson.

A Rozi anakhala pamphasa. Anawongola miyendo.

"Alamu, mwezi wakwana. Loweruka tigawana katundu wa malemu."

Umenewu unali mwambo wa kwawo. Mayi akamwalira, abale ake amagawana zinthu zake. Aliyense amatengako kanthu.

"Zitenje tigawana," anatero a Rozi. "Mapoto tigawana. Nsapato tigawana."

"Nanga chitini?" anafunsa Tiyamike.

"Chitininso. Tithira mikanda yonse m'beseni. Tiyeza ndi kapu. Kapu imodzi ine. Kapu imodzi Eliza. Kapu imodzi Anasi."

A Eliza anali ang'ono awo a amayi. A Anasi anali asuweni awo.

"Ngati nyemba?" anafunsa Tiyamike.

"Eya, ngati nyemba."

Tiyamike anapukusa mutu.

"Ayi," anatero.

A Rozi anatembenuka. "Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Mikanda si nyemba."

"Iwe! Mwana sakana za akulu."

"Amayi anaisankha bwinobwino. Yofiira payokha. Yoyera payokha. Mukasakaniza mwaononga."

"Nanga iwe uchita nayo chiyani? Uphika?"

"Nditunga."

A Rozi anaseka. Anaseka mpaka kuomba m'manja.

"Timanja timeneti? Ngakhale batani sudziwa kusoka!"

Tiyamike anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana pansi. A Rozi ananyamuka n'kumapita.

"Ababa, bwanji simunayankhule?"

A Greyson anapuma mozama.

"Mwana wanga, muno ndi m'mudzi mwa amayi ako. Ine ndine mkamwini. Ndinangobwera kudzakwatira. Katundu wa amayi ako ndi wa abale awo. Pakamwa panga ndi potseka."

"Panga ndi potsegula," anatero Tiyamike.

Lachiwiri Tiyamike anaweruka kusukulu. Anathamangira kunyumba. Sanavule ngakhale yunifomu. Anatsegula chitini.

Munkamveka fungo la sopo wa amayi. Tiyamike anatseka maso pang'ono. Kenako anawatsegula.

Singano inalimo. Mikanda inalimo. Koma nayiloni munalibe. Amayi ankatungira pa nayiloni. Nayiloniyo inatha amayi asanadwale.

Tiyamike anafunafuna m'nyumba. Anapeza ulusi wosokera zovala.

"Uwunso ndi chingwe," anadziuza.

Anayamba kutunga. Tiwiri tofiira, kamodzi koyera. Tiwiri tofiira, kamodzi koyera. Singano inamubaya chala. Anayamwa chalacho. Anapitiriza. Tiwiri tofiira, kamodzi koyera.

Mkanda wa m'khosi unatha. Tiyamike anauvala. Anathamangira kwa a Rozi. Anawapeza akutsuka mbale pathandala.

"Amayi aakulu, taonani! Ndatunga ndekha!"

A Rozi anapukuta manja pachitenje.

"Bwera kuno tione."

Anakola mkandawo ndi chala chimodzi. Anakoka pang'ono. Pang'ono pokha.

Pha! Ulusi unaduka.

Timikanda tinangoti mbwee pabwalo. Tina tinagwera m'fumbi. Tina tinagubudukira kuthandala. Nkhuku yamawanga inathamangira pomwepo. Inajompha kamodzi. Inajomphanso. Inajomphanso kachitatu.

"Choka! Choka iwe!" anakuwa Tiyamike.

A Rozi anagwira m'chiuno.

"Waona? Ukutaya chuma cha malemu. Usakhudzenso chitinicho. Wamva?"

Tiyamike anagwada pansi. Anayamba kutola. Kamodzi. Kamodzi. Kamodzi. Kenako anakatenga sefa. Anasesa fumbi lonse. Analisefa pang'onopang'ono. Timikanda tinatsalira musefa. Pafupifupi tonse tinapezeka. Titatu tokha tinapita ndi nkhuku.

Misozi inabwera. Tiyamike anaikaniza. Anapita kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndiye analira.

"Misozi ndi yanga," anatero. "Sindiwaonetsa."

Madzulo a Greyson anabwera kuchokera ku esiteti. Inali nyengo yosoka fodya. Manja awo anali bii ndi utomoni. Tiyamike anawafotokozera zonse.

"Ndiye nkhuku yadya titatu?"

"Eya."

"Basi, mawa iikira dzira lamikanda."

Tiyamike sanafune kuseka. Analuma mlomo. Koma kaphwete kanatuluka kokha.

"Ababa, nayiloni amakagula kuti?"

"Amayi ako ankaitanitsa ku Lilongwe. Loweruka lifika isanabwere."

"Ndiye ndipeza chingwe china."

"Paja alamu akuletsa kukhudza chitini?"

"Andiletsa."

"Nanga?"

"Ndichikhudza."

A Greyson anakanda m'mutu.

Lachitatu Tiyamike anachikhudza chitinicho. Anayesa luzi. Luzi linakana kulowa pabowo. Anayesa chingwe cha fodya. Chinali chonenepa. Nacho chinakana. Anayesa ulusi uwiri pamodzi. Anakoka. Unaduka.

Tiyamike anakwiya. Anakhala pansi pakhonde. Anakhalira thumba la feteleza lopanda kanthu. Thumbalo linali long'ambika m'mphepete. Zala zake zinayamba kulisosola. Ankangosolola ndi mkwiyo.

Kachingwe koyera kanasololoka. Kanali katali. Tiyamike anakakoka kuti akadule. Sikanaduke. Anakokanso. Sikanaduke. Anakamanga pamzati wa khonde. Anakoka ndi manja awiri. Kanamucheka zala, koma sikanaduke.

Tiyamike anaimirira.

"Iwe ndiwe wamakani," anakauza kachingweko. "Ndiwe mnzanga."

Koma kanali kophwatalala. Pabowo la mkanda sikanalowe. Tiyamike anakang'amba ndi chikhadabo. Kanagawika pawiri. Anang'ambanso. Tsopano kanali kowonda ngati tsitsi. Koma nsonga yake inkangomasuka. Inkakana singano. Inkakananso mkanda.

A Greyson atabwera, Tiyamike anawachingamira panjira.

"Ababa, taonani! Koma nsonga ikuvuta."

A Greyson anakayang'ana kachingweko. Anakakoka. Anagwedeza mutu.

"Bwera nato tiwiri."

Anakwinya buluku mpaka pabondo. Anaika tizingwe tiwiri pantchafu. Anatipota ndi chikhatho. Tinasanduka chingwe chimodzi chozungulira. Kenako anapita kukhitchini. Anakhudzitsa nsonga pakhala lamoto. Nsonga inasungunuka pang'ono. Itazizira inauma gwa. Inali yosongoka ngati singano.

"Za moto ndi zanga," anatero a Greyson. "Iwe usayese. Tamvana?"

"Tamvana, ababa."

Tiyamike anatenga kamkanda kamodzi. Nsonga inalowa. Inalowa bwinobwino!

"Dikira," anatero a Greyson. "Chingwe cha thumba chimaterera. Chimafuna mfundo yabwino. Ku esiteti tikasoka fodya timamanga chonchi."

Anazunguliza kawiri. Analowetsa nsonga pakati. Anakoka. Mfundo inagwira.

Tiyamike anayesa. Mfundo yake inamasuka. Anayesanso. Inamasukanso.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero bambo ake.

Anayesa kachitatu. Anazunguliza kawiri. Analowetsa pakati. Anakoka. Inagwira!

"Uzimanga mfundo pafupipafupi. Chingwe chikaduka, mikanda siimwazika yonse."

Tiyamike anawayang'ana bambo ake.

"Ababa, paja munati ndinu mkamwini."

"Pakamwa ndi potseka," anatero a Greyson. "Koma manja sanandimange."

Atadya, Tiyamike anayamba kuganiza. Chingwe chapezeka. Mfundo yapezeka. Koma kapu ya a Rozi ikubwerabe.

"Ababa, amagawana katundu chifukwa chiyani?"

"Kuti aliyense akhale ndi chokumbukira."

"Ngakhale amayi aakulu amawakumbukira amayi?"

"Anakulira pamphasa imodzi, mwana wanga."

Tiyamike anaganizanso. Kenako anawerenga zala. A Rozi. A Eliza. A Anasi. Anthu atatu.

"Ababa, mundipotere zingwe zitatu."

"Zitatu?"

"Eya. Aliyense alandira mikanda ya amayi. Koma osati m'kapu. Alandira yovala."

Lachinayi a Rozi anakwera kabaza. Anapita ku Kachebere kukatenga a Anasi. Pakhomo panali zii. Tiyamike anatunga asanapite kusukulu. Anatunga atabwerako. Wa a Eliza unali wachikasu. Tiwiri tachikasu, kamodzi koyera, mfundo. Tiwiri tachikasu, kamodzi koyera, mfundo.

Anzake anabwera ndi mpira wa fulaye.

"Tiya, tiye tikasewere!"

"Pitani. Ndili pantchito."

"Ntchito yanji, iwe?"

"Ya amayi."

Lachisanu anatunga wa a Anasi. Tiwiri takuda, kamodzi kofiira, mfundo. Msana unawawa. Maso anawawa. Zala zinatupa. Penapake analakwitsa. Anaika tofiira tiwiri. Anamasula. Anayambiranso pamenepo.

Wa a Rozi anauyamba pomaliza. Anali adakali nawo mkwiyo. Anasankha yobiriwira. Zitenje za a Rozi zonse zinali zobiriwira. Koma khosi la a Rozi linali lalikulu. Dzuwa linalowa mkanda uli pakati.

"Sunathe," anatero Tiyamike.

"Kagone," anatero bambo ake. "Maso si ogula."

Loweruka linafika. Amayi atatu anayala mphasa pansi pa mango. A Rozi anakhala pakati. A Eliza anakhala kumanja. A Anasi anakhala kumanzere. Patsogolo pawo panali beseni ndi kapu. A Greyson anakhala patali, pakhonde. Ankapukuta njinga yoyera kale.

Anayamba ndi zitenje. Chitenje chamaluwa chinapita kwa a Eliza. Amayi ankavala chimenechi kutchalitchi. Tiyamike analuma mlomo.

Anagawana mapoto. Anagawana mbale. Anafika pansapato. A Rozi anayesa imodzi. Chidendene chinatsalira kunja.

"Achemwali, musaizunze nsapato," anatero a Eliza. "Yalakwanji?"

A Anasi anaseka. A Rozi anaivula.

"Tiya! Bweretsa chitini."

Tiyamike analowa m'nyumba. Anatulutsa botolo la yobiriwira. Anatulutsanso la yoyera. Anawaika m'thumba la diresi. Anatseka chitini. Anachinyamula ndi manja awiri. Anachiika pakati pa bwalo.

Kenako anakhalapo.

"Dzuka," anatero a Rozi.

"Sindidzuka."

"Ndati dzuka!"

"Sindidzuka, amayi aakulu."

"Tiya, usatichititse manyazi," anatero a Eliza. "Pali alendo pano."

"Sindidzuka, amayi aang'ono."

A Anasi anagwira pakamwa. "Mwana uyu watengera yani?"

A Rozi anatembenukira kukhonde.

"Alamu! Tamuuzani mwana wanuyu!"

A Greyson sanasiye kupukuta njinga.

"Alamu, ine ndine mkamwini. Za katundu sindilowererapo."

A Eliza anatsokomola. Kunali kubisa kuseka.

A Rozi anaimirira. Anatenga kapu. Anayandikira. Mthunzi wawo unamuphimba Tiyamike. Tiyamike anapanikiza miyendo pachitini. Anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kansalu. Anakamasula. Munali mikanda iwiri yotunga kale.

"Pepani, sindigwada," anatero. "Ndikadzuka mutenga chitini."

Anatambasula manja awiri.

"Amayi aang'ono, gawo lanu ili."

A Eliza anasendera pafupi. Analandira mkanda wachikasu. Unawala padzuwa.

"A Anasi, lanu ili."

A Anasi analandira wakuda ndi wofiira. Anautembenuza uku ndi uku.

"Ndi mikanda ya amayi," anatero Tiyamike. "Mukaitenga m'kapu, muimanga pakansalu. Muiiwala pansi pa sutikesi. Iyi muzivala."



"Nanga langa?" anafunsa a Rozi.

"Lanu silinathe."

"Wakutungira ndani imeneyi? Bambo ako?"

"Ndekha."

"Bodza."

"Penyani."

Tiyamike anatulutsa mkanda wosatha uja. Anamangirira mbali imodzi kuchala chachikulu cha kuphazi. Anawongola mwendo. Chingwe chinakungika. Anathira timikanda pang'ono pachilolo. Anayamba.

Tiwiri tobiriwira, kamodzi koyera, mfundo.

Kamkanda kamodzi kanagwa. A Rozi anati, "Hm!" Tiyamike sanawayang'ane. Anakatola. Anakalowetsa.

Tiwiri tobiriwira, kamodzi koyera, mfundo.

Nkhuku yamawanga ija inabwera mozemba. A Eliza anaiponyera nsapato.

"Choka, wakuba iwe!"

Tiwiri tobiriwira, kamodzi koyera, mfundo.

Dzuwa linakwera. Mthunzi wa mango unasuntha. Thukuta linatsika pamphuno pa Tiyamike. Sanalipukute. Tsopano zala zinkayenda zokha. A Anasi anasendera pafupi. A Eliza anasenderanso. A Rozi anaimabe ndi kapu m'manja.

Tiwiri tobiriwira, kamodzi koyera, mfundo.

"Watha," anatero Tiyamike.

Anamasula kuphazi. Anapereka ndi manja awiri.

A Rozi anaika kapu m'khwapa. Anakola mkandawo ndi chala chimodzi. Anakoka. Sunaduke. Anakoka ndi zala ziwiri. Sunaduke. Anagwira uku ndi uku. Anakoka ndi mphamvu. Sunaduke.

"Ichi ndi chingwe chanji?"

"Cha thumba la feteleza."

A Anasi anagwa nako kuseka. "Feteleza m'khosi! Achemwali, mumera masamba!"

A Eliza anaseka mpaka misozi. Koma a Rozi sanaseke. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Kapu inagwa m'khwapa. Inagubudukira kutali. Palibe anaitola.

"Eliza," anatero a Rozi. Mawu awo anali aang'ono. "Unaona pakamwa pa mwanayu akutunga?"

"Ndinaona, achemwali."

"Lilime panja. Pambali chonchi."

Tiyamike anagwira pakamwa pake. Sankadziwa kuti amatulutsa lilime.

"Esnart ankatero ali kamwana," anatero a Rozi. "Ndinkamuuza kuti ntchentche zimutera. Sankamva. Sankamva olo pang'ono."

A Rozi anaphimba nkhope ndi chitenje. Mapewa awo anagwedezeka.

"Mng'ono wanga. Ndinamubereka kumbuyo ine. Ndinkangofuna kugwira kanthu kake."

Tiyamike anali asanawaonepo akulira chonchi. Pamaliro a Rozi ankangothamanga uku ndi uku. Ankalamula ophika. Ankalandira alendo. Lero ndiye analira.

Misozi ya Tiyamike inabweranso. Nkhokwe inali kutali. Ndipo sakanadzuka pachitini. Choncho analira pomwepo. Onse anamuona. Sizinamuvute.

Patapita kanthawi a Rozi anamina. Anapukuta maso. Mawu awo aakulu anabwerera.

"Mwambo umati aliyense alandire. Eliza, walandira mikanda?"

"Ndalandira."

"Anasi?"

"Ndalandira. Ndavala kale."

"Inenso ndalandira. Nanga mwana wa malemu walandira chiyani?"

Zitenje zinali zitatha. Mapoto anali atatha. Mbale zinali zitatha.

A Rozi anaimirira.

"Tiya, dzuka."

"Sindidzuka."

"Dzuka, kamwana kamakani iwe. Chitinichi ndi chako. Ndikufuna ndikunyamulire."

Tiyamike anawayang'ana m'maso.

"Chonse?"

"Chonse."

"Osasakaniza?"

"Osasakaniza."

"Ndi singano yomwe?"

"Iii, ndi singano yomwe! Dzuka, ndisanasinthe maganizo!"

Tiyamike anayesa kudzuka. Miyendo inakana. Inachita dzanzi. Anadzandira. A Eliza anamuwakha. Pakhonde, a Greyson anasiya njinga. Anayang'ana kumbali. Anapukuta maso ndi nsanza ya njinga. Nkhope yonse inada ndi girisi.

"Alamu, mwadzola chiyani?" anafunsa a Anasi.

Onse anaseka. Ngakhale a Rozi anaseka.

A Rozi ananyamula chitini. Anachikumbatira pachifuwa ngati khanda. Anayenda mpaka pakhomo. Tiyamike anatsatira akutsimphina. Pakhomo a Rozi anaima.

"Odi m'nyumba muno."

"Lowani," anatero Tiyamike.

Analowa.

"Chimakhala pati?"

"Apo, pansi pa zenera. Pamene pali kuwala."

A Rozi anachiika pomwepo. Anachipukuta fumbi ndi chikhatho. Kenako anatambasula dzanja. Munali mkanda wobiriwira uja.

"Nanga uwu ndivala bwanji? Ulibe chokolera."

"Ndimanga ndi mfundo."

"Manga, tsono."

Tiyamike anaima ndi zala za kuphazi. Sanafikire. Khosi la a Rozi linali m'mwamba kwambiri.

A Rozi anayang'ana kukhomo. A Eliza anali pomwepo. A Anasi anali pomwepo. A Greyson ankasuzumira kumbuyo kwawo.

"Mukuona chiyani?" anatero a Rozi.

Kenako anagwada. Anagwada pamaso pa Tiyamike. Anaweramitsa mutu.

Tiyamike anadutsa kumbuyo kwawo. Anazunguliza mkanda m'khosi.

"Usamange kwambiri, iwe. Ndikufuna ndizipuma."

"Eya."

"Usamangenso molobodoka. Ungagwe panjira."

"Eya."

"Ndipo usandikoke tsitsi, chifukwa ine..."

"Amayi aakulu, khalani chete. Mukugwedezeka."

Amayi aakulu anakhala chete. Tiyamike anamanga.